Kulira kwa M'makutu

Aliyense amene anakagayitsapo chimanga akudziwa zimene zimachitika chigayo chikazima. Mwakhala pamzere kwa ola lathunthu, mukulankhulana ndi anzanu mochita kukuwa ngati pali mkangano, nsidze zili mbuu ndi ufa. Mwadzidzidzi magetsi athima. Kunja konse kuli zii, mpaka mukumva nkhuku zikutola misere pakhomo. Koma m'makutu mwanu simuli zii. Muli kaphokoso kakang'ono kosadukiza, kakuti nziii, ngati kulira kwa nyenje mu Okutobala. Mukaunguza uku ndi uku, nyenje palibe. Mukafunsa mnzanu, mwina nayenso akumva kake, koma kanuko sangakamve.

Ambirife kaphokosoka kamatithera m'njira, ndipo pomwe timatereka mphika wa nsima timakhala titaiwala. Nanga mnyamata amene amathira chimanga m'chigayomo kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, Lolemba mpaka Loweruka, chaka ndi chaka? Kwa iye likhoza kufika tsiku limene nyenje ija singachokenso. Adzagona nayo, adzadzuka nayo, adzapita nayo kutchalitchi ndi kumaliro komwe.

Phokoso lopanda gwero

Madokotala amalitchula vutoli kuti tinnitus, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza kulira ngati belu. Ife timangoti "makutu akulira" kapena "m'khutu mukulira," ndipo mawu amenewa akukwana. Tanthauzo lake ndi kumva phokoso m'khutu kapena m'mutu pamene kunja kulibe chinthu chimene chikupanga phokosolo.

Sililira mofanana mwa anthu onse. Wina amamva nyenje, wina nkhululu za usiku, wina njuchi zili pamng'oma. Ena amati zikumveka ngati wailesi imene yasochera siteshoni, ena ngati mvula yamkuntho ikubwera patali, ena ngati mluzu wosatha mpweya. Mwa ena muli khutu limodzi, mwa ena onse awiri, ndipo alipo amene amaloza pakati pa mutu. Limatha kubwera n'kupita, limathanso kukhazikika.

Pali zinthu ziwiri zoti tigwirizane poyamba. Kulira kwa m'makutu si misala, ndipo n'kosiyana kotheratu ndi kumva mawu a anthu osaoneka akukulankhula. Mulibe mawu, mulibe uthenga, ndi phokoso chabe. Ndikunena izi msanga chifukwa anthu ambiri amabisa vutoli poopa kuti abale awayesa ozungulira mutu, ndipo ena amayamba kukayikira achibale kuti awalodza. Chinanso, kulira kumeneku si nthenda payokha. Ndi chizindikiro, monga mmene kutentha thupi kulili: kumatiuza kuti penapake pali chimene chasokonekera, koma sikutiuza kuti ndi pati.

Vutoli si la lero. Pliny, mlembi wa ku Roma amene anamwalira m'chaka cha 79, analemba za chikhulupiriro chakuti khutu likalira ndiye kuti kwinakwake anthu akukutchula, ndipo chikhulupiriro chimenechi chikadalipo m'mayiko ambiri. Mu 1801, Ludwig van Beethoven, katswiri wopeka nyimbo wa ku Germany, anadandaulira mnzake m'kalata kuti makutu ake sankaleka kulira usana ndi usiku. Anali ndi zaka 30 zokha, ndipo kumva kwake kunali kutayamba kale kuchepa.

Mu 1953, akatswiri awiri a ku America, Heller ndi Bergman, anachita kafukufuku wosavuta koma wotsegula maso. Anatenga anthu 80 amene analibe dandaulo lililonse la makutu n'kuwalowetsa mmodzimmodzi m'chipinda chomatidwa bwino, mosalowa phokoso lililonse, kwa mphindi 5. Atatuluka, 75 mwa iwo anati anamva kulira, kung'ung'uza kapena mluzu. M'chipindamo munalibe kanthu. Zikuoneka kuti kaphokoso kameneka tonse tili nako chapansipansi, kungoti phokoso la tsiku ndi tsiku limakaphimba. Vuto limayamba kakakula mpaka kufika posaphimbika.

Ulendo wa mawu m'khutu

Kuti timvetse chimene chimakakuza, tiyeni titsatire mawu kuchokera kunja mpaka ku ubongo. Munthu akawomba m'manja, mpweya umanjenjemera. Kunjenjemerako kumalowa m'ngalande ya khutu n'kukagunda kachikopa kopyapyala kokungika ngati chikopa cha ng'oma. Tikatchule kuti ng'oma ya khutu. Kuseri kwake kuli timafupa titatu, tochepetsetsa m'thupi lonse, timene timalandira kunjenjemerako n'kukupereka mkati.

Mkatimo muli kachiwalo kozungulira ngati chigoba cha nkhono, kakang'ono ngati nsawawa, kodzaza madzi. M'kankhono kameneka muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi tiubweya pamwamba. Madzi akagwedezeka, tiubweyato timaweyeseka ngati udzu pamphepo, ndipo timaselo timatumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha wa kumva. Khutu limangonyamula uthenga. Amene amamva ndi ubongo.

Timaselo timeneti tili ndi vuto limodzi lalikulu: tikafa sitimeranso. Khungu likachekeka limapola, fupa likathyoka limalumikizana, koma kaselo ka m'kankhono kakafa ndiye kapita. Udzu ukapondedwa kamodzi umadzuka, n'chifukwa chake kulira kwa kuchigayo kuja kumatha pakapita maola ochepa. Koma pamene anthu akuponda tsiku lililonse pamasanduka njira, ndipo udzu sumeranso.

Tsono ubongo umatani uthenga wochokera kukhutu ukachepa? Umachita zimene inu mumachita wailesi ikayamba kumveka chapansipansi: umakweza. Ndipo monga mudziwa, mukakweza wailesi imene siikugwira bwino siteshoni, chimene chimakula ndi kusokosera. Akatswiri ambiri amafotokoza kulira kwa m'makutu mwanjira imeneyi. Vuto limayambira m'khutu, koma phokosolo limapangidwa mu ubongo. Umboni wake ndi wakuti odwala ena amene anadulidwa mtsempha wa kumva pa opaleshoni anapitirizabe kumva kulirako. N'zofanana ndi zimene zimachitikira munthu woduka mwendo, amene amamvabe chala chakuphazi chikuyabwa pamene phazilo kulibe.

Kuwerenga chinthu chosaoneka

Malungo amayezedwa m'magazi. BP imayezedwa pamkono. Kulira kwa m'makutu kulibe makina okuyezera, ndipo njira yokhayo yodziwira ngati munthu ali nako ndi kumufunsa. Apa m'pamene pagona vuto, chifukwa yankho limatengera funso. Mukafunsa kuti, "Kodi makutu anu anayamba alirapo?" pafupifupi aliyense avomera. Mukafunsa kuti, "Kodi m'chaka chapitachi makutu anu analirapo kupitirira mphindi 5?" ovomera achepa. Mukafunsa kuti, "Kodi kulirako kumakulepheretsani kugona kapena kugwira ntchito?" atsala ochepa kwambiri.

N'chifukwa chake ziwerengero zimasiyana modabwitsa. Akatswiri a ku Britain ataunika mu 2016 akafukufuku a m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti ena ankati vutoli lili ndi anthu 5 pa 100 alionse, pamene ena ankati anthu 43 pa 100. Ngakhale funso likhale limodzi, kusiyana sikutheratu. Mu 2017 ndi 2018, anthu oposa 11,000 a m'mayiko 12 a ku Europe anafunsidwa mafunso ofanana. Ku Ireland anavomera anthu pafupifupi 9 pa 100, ku Bulgaria 28 pa 100. Mayiko onse 12 ataphatikizidwa, chiwerengero chinali pafupifupi 15 pa 100. Ku South Korea, kafukufuku wa boma wa zaumoyo anapeza anthu pafupifupi 21 pa 100.

Chithunzi cha dziko lonse chinatuluka mu 2022. Gulu lotsogozedwa ndi akatswiri a ku Mario Negri Institute mumzinda wa Milan ku Italy linasonkhanitsa malipoti oposa 100 n'kuwawerengera pamodzi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya madokotala yotchedwa JAMA Neurology. Anapeza kuti anthu akuluakulu 14 pa 100 alionse amamva kulira m'makutu. Amenewa ndi anthu oposa 740 miliyoni. Mwa anthu akuluakulu 100 alionse, awiri ali ndi kulira kowasautsa kwambiri, ndipo padziko lonse anthu otere ndi oposa 120 miliyoni. Chaka chilichonse, munthu mmodzi pa 100 amayamba kumene kumva kulirako.

Ziwerengero za mamiliyoni sizikhala m'mutu, choncho tiyeni tizibweretse pafupi. Mu minibasi yonyamula akuluakulu 14, mwachidziwikire awiri akumva phokoso limene enawo sakulimva. Mumpingo wa akuluakulu 200, anthu anayi kapena asanu amavutika nalo mpaka kusowa tulo. Simungawadziwe powayang'ana. Alibe bala, alibe chotupa, satsimphina.

Akafukufuku ambiri amene analowa m'chiwerengerochi anachitikira ku Europe, ku America ndi ku Asia, ndipo a mu Africa anali ochepa. Mmodzi mwa ochepawo anachitika ku Nigeria ndi akatswiri a ku Ibadan, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2010. Anafunsa okalamba 1,302 a zaka 65 kupita m'tsogolo m'madera a anthu olankhula Chiyoruba, ndipo 184 anati makutu awo amalira, kutanthauza anthu 14 pa 100. Ku Assiut m'dziko la Egypt, chaka chomwecho, anapeza anthu 5 pa 100. Ine ziwerengero zotsika chonchi sindizilandira ngati uthenga wabwino. Agogo akumudzi amene ali ndi msana, mawondo ndi maso zowavuta, kulira kwa m'khutu amakuika kumapeto kwa madandaulo awo, ndipo ambiri amangoti ndi ukalamba. Kusanena si kusamva.

Ukalamba ndi kuchepa kwa kumva

Pa zinthu zonse zimene zimayendera limodzi ndi vutoli, chachikulu ndi kuchepa kwa kumva. Anthu ambiri amene makutu awo amalira akayezedwa amapezeka kuti sakumva bwino, ngakhale eni ake sanazindikire. Kumva kumayamba kutha ku mawu oonda, monga kulira kwa timbalame ndi malikhweru, ndipo munthu amangodabwa kuti pagulu sakutsatira nkhani pamene akakhala awiri amamva zonse.

Popeza timaselo tija timafa pang'onopang'ono munthu akamakula, kulirako kumachulukanso ndi zaka. Lipoti la 2022 lija linaonetsa makwerero ake: pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 44 ndi anthu 10 pa 100, a zaka 45 mpaka 64 ndi 14 pa 100, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi 24 pa 100, pafupifupi gogo mmodzi mwa anayi alionse. Pakati pa amuna ndi akazi sipanapezeke kusiyana kwenikweni. Kuno kwathu, kafukufuku wa ku Ntcheu amene lipoti lake linatuluka mu 2020 anayeza makutu a anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo, n'kupeza kuti oposa mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kumva, ena pang'ono, ena kwambiri. Pamene kumva kwachepa mwa anthu ochuluka chonchi, kulira kwa m'makutu sikukhala patali.

Phokoso

Ukalamba sitingaukane. Phokoso ndi nkhani ina, chifukwa timalipanga tokha.

Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Malire amene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amapereka ndi madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti muyeso umenewu sukwera ngati wa sikelo ya pamsika. Phokoso likangowonjezeka ndi madesibelo atatu, mphamvu yake imawirikiza kawiri, ndipo nthawi imene khutu lingapirire imadulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4. Pa 91 ndi maola awiri. Pa 94 ndi ola limodzi. Pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Makina ocheka mitengo amafika pa 100 n'kupitirira. Mfuti imaposa 140, ndipo kuwomba kamodzi kokha pafupi ndi khutu kukhoza kulivulaza moyo wonse. Ku America, kulira kwa m'makutu ndiko kuli patsogolo pa zifukwa zimene asilikali opuma amalandirira chipukutamisozi, ndipo oposa 2 miliyoni amalandira pa chifukwa chimenechi.

Simufunika makina kuti mudziwe ngati malo ali oopsa. Imani ndi mnzanu motalikirana mkono umodzi. Ngati mukuchita kukuwa kuti akumveni, phokoso la pamalopo lafika kale pamalire kapena lapitirira. Yesani zimenezi kuchigayo, kwa owotcherera zitsulo pamene akupala ndi gilayinda, kwa okhoma zidebe, kwa opala matabwa ndi makina, kapena kwa oswa miyala.

Amalume anga anali mmodzi mwa amuna ambiri a kuno amene anapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni m'masiku a Wenela. Anabwerako ndi njinga, bokosi lachitsulo ndi wailesi. Ndili mwana ndinkagona kwawo nthawi zina, ndipo chimene chinkandidabwitsa n'chakuti usiku sankazimitsa wailesiyo. Mapulogalamu akatha ankaisiya ikungosokosera chapansipansi pambali pa mphasa, mpaka kucha. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Amalume, bwanji simuzimitsa? Mabatiretu akutha."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Mphwanga, ndikazimitsa iyi, makina a kumgodi amayambiranso m'mutumu."

Panali patapita zaka zambiri chibwerereni. Makina obowolera miyala pansi pa nthaka ali m'gulu la zipangizo zaphokoso kwambiri zimene munthu amagwira ndi manja, ndipo mpaka lero kugontha kobwera ndi phokoso ndi amodzi mwa matenda a pantchito ofala kwambiri m'migodi ya ku South Africa. Amalumewo sanapite nalo kuchipatala vutoli. Sankadziwa n'komwe kuti lili ndi dzina.

Lero phokoso latsatira anthu mpaka kumalo achisangalalo. Paukwati, pachinkhoswe, pamsonkhano wandale, ngakhale pamapemphero, masipika amaunjikidwa mpaka chifuwa kumachita kunjenjemera, ndipo amene amavina kutsogolo kwenikweni kwa masipikawo ndi ana. Achinyamata ambiri amaswera ndi mahedifoni m'makutu, ndipo akakwera minibasi amakweza kuti apose phokoso la injini. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka 12 mpaka 35 ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha kamvedwe kotere. Mukachoka paphwando makutu akulira, dziwani kuti udzu uja wapondedwa. Mawa udzuka, koma mwina osati wonse.

Mankhwala amene amaliza makutu

Amene anamwapo kapena kubayidwapo kwinini sangaiwale: makutu amatsekeka ngati walowa m'madzi, kenako amayamba kulira. Mwa anthu ambiri zimenezi zimatha mankhwalawo akatha m'thupi. Kuyambira mu 2011, WHO inalangiza kuti malungo aakulu azichizidwa ndi artesunate m'malo mwa kwinini, kwa ana ndi akulu omwe, choncho odandaula zimenezi achepa. Asipulini nayenso amaliza makutu munthu akamwa wambiri patsiku, ndipo kulirako kumasiya akachepetsa.

Oopsa ndi majekeseni ena opha tizilombo, chifukwa amapha timaselo ta m'kankhono mosabwerera. M'gulu limeneli muli streptomycin, amene odwala TB yobwereza ankabayidwa tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, komanso kanamycin, amikacin ndi gentamicin. Anthu ambiri amene anachira ku TB yosamva mankhwala anatsala ndi makutu ogontha ndi olira, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mu 2018 WHO inalangizira kuti kanamycin asiyidwe pochiza TB yotere. Mankhwala a khansa otchedwa cisplatin amachitanso chimodzimodzi.

Mankhwala amenewa amapulumutsa moyo, ndipo palibe amene ayenera kuwasiya payekha. Choyenera kuchita makutu akayamba kulira muli pamankhwala ndi kuuza adokotala kapena anamwino tsiku lomwelo, chifukwa kawirikawiri kulirako kumabwera kugontha kusanafike, nthawi yosintha mlingo kapena mankhwala ikadalipo.

Zina zimene zimayendera limodzi ndi vutoli

Chilichonse chimene chimatseka njira ya mawu chikhoza kuyambitsa kulira. Phula la m'khutu likaunjikana n'kuuma limatero, ndipo likachotsedwa kuchipatala nthawi zambiri kulirako kumatha. Kutokosa ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga ya nkhuku kumangolikankhira mkati. Khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali, limene ambiri amakula nalo kuyambira ali ana, limasiya ng'oma yoboka. Mbama ya pakhutu imaboolanso ng'oma, ndipo mwana kapena mayi womenyedwa chotero akhoza kuimva mbamayo moyo wake wonse. Kuvulala m'mutu, monga pangozi ya njinga yamoto munthu alibe chipewa, kumasiyanso kulira. Kafukufuku wa ku Nigeria uja anapeza kuti okalamba amene ankadwaladwala makutu, amene anavulalapo m'mutu, ndi amene anali ndi BP ndiwo ankadandaula kwambiri za kulira.

Akafukufuku ambiri amatchulanso shuga, kusuta fodya, mavuto a nsagwada ndi khosi, nkhawa, ndi matenda a kukhumudwa. Apa tiyenera kuwerenga mosamala. Akakowa amayenda ndi ng'ombe, koma si akakowa amene amabala ng'ombe. Kafukufuku akapeza kuti anthu a BP ambiri makutu awo amalira, sizikutanthauza kuti BP ndiyo yayambitsa, pakuti mwina zonse ziwiri zabwera ndi ukalamba. Pa phokoso, mankhwala aja ndi kuchepa kwa kumva, umboni ndi wamphamvu kuti ndi zoyambitsa. Pa zinazi, chimene chaoneka n'chakuti zimapezeka pamodzi.

Usiku

Funsani aliyense amene ali ndi vutoli nthawi imene limamusautsa kwambiri, adzakuuzani kuti ndi usiku. Masana pali msika, ana, mphepo, galimoto. Usiku zonse zikakhala chete, nyenje imatsala yokha.

Akatswiri akapempha odwala kuti ayerekeze kukula kwa kulira kwawo ndi mawu ochokera m'makina, nthawi zambiri kumapezeka kuti n'kwapansi kwambiri, madesibelo ochepa chabe pamwamba pa mawu otsikitsitsa amene munthuyo angamve. Komanso anthu awiri okhala ndi kulira kofanana kukula, wina sasamala nako, wina moyo wake wasokonekera. Kusiyana kwake kuli pa mmene ubongo ukuonera phokosolo. Udzudzu umodzi m'neti ndi wochepa phokoso kuyerekeza ndi mvula padenga la malata, koma mvula imagonetsa pamene udzudzu umasowetsa tulo, chifukwa ubongo waika udzudzu m'gulu la adani. Munthu akamaopa kuti kulirako ndi chotupa, misala kapena ufiti, ubongo umakutchera khutu, kumamveka kwambiri, mantha amakula, tulo timathawa, ndipo munthu wosagona amamva kulirako koposa dzulo. N'chifukwa chake nkhawa ndi kulira kwa m'makutu zimadyetsana, ndipo kufunsa chimene chinayamba sikuthandiza kwenikweni.

Ambiri amanyamula katunduyu okha. Ku America, kumene madokotala ndi ambiri, kafukufuku wa boma wa 2007 anapeza akuluakulu 21 miliyoni amene makutu awo analira m'chaka chimenecho. Oposa mmodzi mwa anayi anali atakhala nalo vutoli zaka zoposa 15, koma amene anauzapo dokotala sanafike ndi theka lomwe.

Nthawi yosazengereza

Nthawi zambiri kulira kwa m'makutu si koopsa, koma pali mitundu ingapo yofunika kupita nayo kuchipatala msanga. Khutu limodzi likagontha mwadzidzidzi n'kuyamba kulira, pitani tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake amagwira bwino m'masiku oyambirira okha. Kulira kwa khutu limodzi kosatha, makamaka ngati khutulo likumka ligontha, kumafunika kuyezedwa, chifukwa mwa anthu ochepa kumachokera ku chotupa cha pa mtsempha wa kumva. Kulira kobwera ndi chizungulire chachikulu ndi kusanza, kapena ndi kupotoka kwa nkhope, n'chimodzimodzi.

Palinso mtundu wina umene umagunda limodzi ndi mtima, kuti fu, fu, fu. Uwu ndi wosiyana ndi inayo chifukwa phokosolo ndi lenileni: ndi magazi akuyenda m'mitsempha ya pafupi ndi khutu. Umabwera ndi kuchepa kwa magazi, BP, mimba, chithokomiro chogwira ntchito mopyola, kapena vuto la mtsempha weniweniwo, ndipo zambiri mwa zimenezi zimachizika. Ndipo munthu amene kulirako kwamufikitsa poganiza zodzipha asasiyidwe yekha, aperekezedwe kuchipatala.

Ku Malawi, makutu amayezedwa ndi makina ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku kiliniki ya makutu ya African Bible College ku Lilongwe. Ku Lusaka kuli chipatala cha Beit CURE. Poyambira ndi pachipatala chapafupi, pamene angaunike m'khutu, kuyeza BP ndi magazi, n'kukutumizani ngati pakufunika kutero.

Thandizo limene lilipo

Palibe piritsi kapena dontho la m'khutu limene latsimikizika kuti limathetsa kulira kokhazikika. Mankhwala ochokera ku mtengo wa ginkgo, amene amagulitsidwa kwambiri pa vutoli, atayesedwa sanaonetse phindu. Kuthira m'khutu madzi a masamba kapena mafuta kukhoza kuwononga khutu limene ng'oma yake ndi yoboka. Wokuuzani kuti ali ndi mankhwala ochotseratu kulira akufuna ndalama zanu.

Koma kunena kuti "palibe chimene tingachite," monga odwala ambiri amauzidwira, si zoona. Amene amakhala m'mbali mwa msewu waukulu amasiya kumva malole usiku, pamene mlendo sagona. Malolewo sanasiye kudutsa, ubongo ndi umene waleka kuwalabadira. Anthu ambiri a makutu olira amafika pamenepa pakapita miyezi, ndipo thandizo lonse limene lilipo cholinga chake ndi kufupikitsa ulendowo. Loyamba ndi kuyezedwa n'kufotokozeredwa bwino, chifukwa mantha akachoka theka la katundu latulidwa. Kwa amene kumva kwawo kwachepa, timakina tothandiza kumva timabwezera ubongo mawu amene unkasowa, ndipo ambiri amati kulirako kumatsika akativala. Kwa amene akusautsika kwambiri, uphungu wothandiza munthu kusintha mmene amaganizira za phokosolo, umene akatswiri amautcha CBT, ndi umene uli ndi umboni wochuluka. Suzimitsa kulirako, koma umabwezera munthu tulo ndi mtendere. Ndipo usiku, madokotala amalangiza zomwe amalume aja anadzipezera okha pamphasa: musagone m'chipinda cha zii. Wailesi yapansipansi, fani, kapena zenera lotsekula pang'ono kuti muzimva achule ndi mphepo, zonsezi zimathandiza.

Kwa amene makutu awo sanayambe kulira, chitetezo chili pa mtunda, nthawi ndi zotsekera. Pabwalo, mukatalikira sipika kawiri kuposa pamene munali, phokoso limatsika ndi madesibelo 6, kutanthauza kuti khutu lingapirire nthawi yowirikiza kanayi. Mwana akachotsedwa pamaso pa sipika n'kukavinira chapatali mamita angapo, zambiri zapulumuka. Thonje lokhomera m'khutu silitchinga mokwanira. Zofunika ndi timapulagi tofewa ta m'makutu kapena zophimba makutu zimene zimagulitsidwa m'mashopu a zipangizo zomangira, ndipo kugula zimenezi ndi udindo wa mwini chigayo kapena mwini shedi, monga mmene amagulira lamba ndi sefa.

Ndinaonapo zophimba makutu zotere pachigayo china, zili pamsomali, zitayera ndi ufa wa miyezi yambiri. Nditamufunsa mnyamata wa pamenepo chifukwa chimene sazivalira, anati, "Bwana, ndikavala sindingamve makasitomala, ndiponso injini ikasintha kaliridwe sindingadziwe." Mantha akewo ndi omveka, koma zoyesa zaonetsa zina. M'phokoso lalikulu, munthu amene kumva kwake kukadali bwino amamvabe mawu a mnzake atavala zotsekera, nthawi zina bwino kuposa asanavale, chifukwa zotsekerazo zimatsitsa zonse pamodzi, mawu ndi phokoso lomwe, kufika pamlingo umene khutu lingathe kusiyanitsa. Zimatenga masiku angapo kuti khutu lizolowere kaliridwe ka injini katsopanoko. Ndinamufunsa ngati makutu ake amalira akaweruka. Anati amalira, koma pofika m'mawa amakhala atasiya.